Namwino Sadwala

3 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu, abambo ndi ana nonse muli bwino. Ndalemba kalata chifukwa mumadandaula kuti pa foni ndimangoti "ndili pa wodi, ndiimbanso," kenaka zii. Simunama ayi, ndiye lero ndakhala pansi.

Choyamba, chilonda cha abambo cha pachiuno chija chili bwanji? Musawasiye nthawi yaitali atagonera mbali yofa ziwalo ija. Muziwatembenuza pafupipafupi, pilo pakati pa mawondo, ndipo nsalu ikanyowa musadikire kuti mumalize kusoka kaye. Ndikudziwa kuti mukudziwa, koma pakamwa pa namwino sipakhala chete.

Kuno ntchito ndi yomweyo. Wodi yathu ya amuna yadzaza, ena tawayalira pansi pakati pa mabedi, moti poyenda ndi mankhwala umachita kudumpha miyendo ya anthu. Anzathu awiri anasiya ntchito ndipo palibe amene anabwera m'malo mwawo. Tiyi ndimathira m'mawa, ndimadzamupeza madzulo ntchentche itaferamo.

Tsopano kankhani kakang'ono, musadandaule nako. Lachiwiri ndikuyeza odwala kuthamanga kwa magazi, mnzanga uja timamutchula kuti Wamtali anandigwira mkono mwanthabwala nati, "Tabwera kuno iwe, maso afiira ngati wasuta." Anandimanga lamba wa makina aja. Ataona nambala anasiya kuseka, anayezanso mkono winawo, kenaka anandikoka ngati mbuzi mpaka kwa adokotala. Adokotala akuti magazi akuthamanga mopitirira muyezo, ndiye gwero la mutu umene wakhala ukundiwawa kunkhongo. Andilembera miyezi iwiri yopuma. Ine namwino, kundilembera kupuma! Ndinachita manyazi ngati andigwira ndikuba. Koma ndi zazing'ono, mapiritsi ndayamba kumwa.

Ndiye ndimapempha kachipinda kakumbuyo kaja, komwe malemu amayi ankasungiramo makatoni. Kuno nyumba yanga ili pafupi kwambiri ndi chipatala. Ambulansi ikangolira ndimadzidzimuka n'kuyamba kufuna nsapato, ngakhale tsiku limene sindili pa ntchito. Ndikufuna malo oti ndikagoneko basi. Mundiyankhe msanga ngati kachipindako kalipo.

Ine mng'ono wanu,
amene nonse mumamuti Anesi

11 Malichi

Anesi wathu,

Moni. Kuno tilipo, abambo akudya bwino, chilonda sichikukula koma sichikuumanso.

Kalata yako adalaivala a basi anandipatsa ndili pa makina. Nditafika pa mawu akuti "miyezi iwiri" ndinakuwa mpaka abambo anadzidzimuka kuchipinda. Mulungu wandimva, mng'ono wanga! Chigwereni abambo sindinagonepo tulo tofika m'mawa. Msana wanga unatha. Makasitomala anandithawa chifukwa diresi la munthu limakhala pano mwezi likununkha mankhwala ochapira zilonda.

Kachipinda kako takonza kale. Ine ndi ana tachotsa makatoni, takolopa, ndasokanso katani yatsopano. Bedi la abambo talowetsa momwemo, lako tayika kukhoma la kuzenera, kuti akafuna chokodzeramo usamavutike kuyenda mtunda. Ine ndavomera ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu imene ndakhala ndikuikana. Iwe ukakhala ndi abambo, ine makina azilira.

Abambo akondwa zedi. Anandituma kuti ndipukute chithunzi chako chija cha pabalaza, chimene wavala zoyera ndi kachipewa. Aliyense wobwera kudzawazonda amamulozera ndi dzanja labwinolo n'kumati, "Mwana wanga uyo, amachiritsa anthu." Ine amene ndimawapukuta kumbuyo sanandilozerepo munthu, koma zisiye.

Anthunso amva. Amayi a pagolosale akuti udzawaone miyendo, yatupa ngati mitsuko. Aphunzitsi akufuna uwayeze shuga. Makina oyezera aja usaiwale.

Za magazi akozo, imwa mapiritsiwo. Wanena wekha kuti ndi zazing'ono, ndipo iwe ndiye wodziwa. Inenso mutu unayamba kundiwawa chaka chimene abambo anagwa, mpaka lero palibe dokotala amene anandilembera kupuma. Tiuze tsiku lobwera.

Ndine mkulu wako

19 Malichi

Achemwali,

Moni nonse. Zikomo chifukwa cha katani ndi kukolopa. Ndinawerenga kalata yanu kawiri, ndipo ndikuona kuti mwina sindinalongosole bwino.

Adokotala sanandipatse tchuthi choti ndikagwire ntchito kwina. Anati ndisanyamule munthu, ndisamadzuke usiku, ndigone. Kunena zimenezi kwa inu kukundivuta, chifukwa ndikudziwa zimene msana wanu waona. Koma abambo mukawaika m'chipinda changa, ndiye kuti ndangosintha wodi.

Ndikuuzeni zimene zinachitika tsiku lomaliza ndisanayambe kupumaku. Ndinaima pakati pa wodi jakisoni ali m'manja, osakumbuka kuti ndi wa ndani. Amuna onse aja akundiyang'ana, wina akuitana "Anesi, madzi," wina "Anesi, dilipi yatha," ine njo ngati mtengo. Zala za kumanja zinachita dzanzi. Ndinakalowa m'chipinda chosungiramo nsalu, n'kukhala pa mulu wa mashiti mpaka zinadutsa. Nditatuluka ndinamwetulira n'kupitiriza, chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira. Wodwala asakuone nkhope yogwa.

Chodabwitsa n'chakuti kupumakunso kukundikanika. Ndikavula yunifolomu ndimakhala ngati munthu amene wasokera m'nyumba ya eni. Dzulo ndinapita kumsika nditavala diresi wamba, mayi wina amene ndinadwazika mwamuna wake anandidutsa osandizindikira, ndipo zinandipweteka. Tangoganizani, kupwetekedwa ndi zimenezo! Ngakhale inu dzina langa munaliiwala. Kale munkanditi Kamisozi chifukwa ndinkalira pa chilichonse, ngakhale nkhuku ikaphedwa. Tsopano ndine Anesi kwa inu, kwa abambo, kwa ana, kwa agalu omwe.

Musachite mantha, si zazikulu, zidzatha ndikangopuma. Ndikungopempha kuti bedi la abambo mulibweze kaye komwe linali. Sabata zoyambirira ndigone, kenaka ndikapeza mphamvu ndidzakuthandizani pang'onopang'ono. Amayi a pagolosale muwauze apite kuchipatala. Ngati n'zosatheka, nenani, ndikhala konkuno.

Mng'ono wanu

28 Malichi

Anesi,

Moni, ngati moni wa ife osaphunzira umafika.

Kalata yako ndaimva bwinobwino. Wati ukufuna ubwere kuno udzagone, ine ndizitembenuza abambo mbali iyi, ndikachoka apo ndizikubweretsera tiyi mbali iyo. Odwala akhale awiri, wantchito mmodzi. Koma iwe, ulibe manyazi?

Amuna achilendo amene sukuwadziwa n'komwe umawasambitsa, umawapukuta, umawamwetulira. Wanena wekha. Koma bambo ako okubala, amene anakuperekeza okha kusukulu ya unamwino atanyamula sutikesi yako pamutu, amenewo ndiye akupatsa dzanzi m'zala? Dzanzi! Bwera udzaone zala zanga. Zinasweka ndi sopo, singano sindiimvanso ikandibaya. Ine ndikatopa ndilibe chipinda cha mashiti chokabisalamo. Abambo akaitana, ndi ine. Akadziipitsira, ndi ine. Akatukwana chifukwa supu yatentha, ndi ine. Iwe ntchito yako ndi kulemba kuti "pilo pakati pa mawondo."

Pamene umati ndi zazing'ono, pomwepo ukuti usanyamule munthu. Chenicheni n'chiti? Munthu wodwala amapita kumsika kukaona ngati anthu akumuzindikira? Ine ndikuona kuti wanyansidwa nafe basi, ndipo ukanangonena choncho.

Ntchito ya mayunifolomu ija ndinatenga kale nsalu. Ndikaibweza, dzina langa latha. Bedi sindisuntha. Ndinayesa kuwauza abambo kuti mwina subwera msanga chifukwa sukumva bwino, anaseka ndi pakamwa pawo pokhotapo nati, "Namwino sadwala, ameneyo ndi wolimba ngati ine." Kenaka anafunsa ngati ndakulakwira. Waona? Ngakhale usanabwere, wolakwa ndine.

Za dzina, usandiseketse. Unalimbana kuti ukhale Anesi, wakhala. Tikutchule chiyaninso?

Chita zimene ukufuna.

Mkulu wako

6 Epulo

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndalandira ndipo sindikutsutsani. Zala zanu ndikuzidziwa.

Kuno sindikanathanso kukhala m'nyumba. Anzanga otsala amadutsa pazenera langa popita ndi pochokera ku ntchito, nkhope zitagwa, chifukwa munthu akapuma odwala ake amagawidwa kwa anzake. Wamtali mwana wake akudwala koma sanajombe. Ine ndili gone ndikuwerenga malata. Kwanu ndine waulesi, kuno ndine waulesi, ndiye ndagoneranji?

Lolemba ndinasita yunifolomu n'kupita kwa akulu a manesi kukanena kuti ndachira. Sanandiyeze, sanafunsenso kawiri. Anangoti, "Mwachita bwino, tinapanikizika," n'kundilemba pa ntchito tsiku lomwelo. Wamtali ananditukwana pamaso pa odwala, koma amene uja ndi wapakamwa kale.

Ndikatero tchuthi changa cha pachaka sichiwonongeka. Ndidzabwera mu Juni mwezi wathunthu, ndidzagona m'chipinda cha abambo, inu mudzasoke mpaka makina atenthe. Bedi musasunthe. Amayi a pagolosale adikire, makina oyezera ndidzabwera nawo.

Abambo muwauze kuti akunena zoona. Ndili bwino.

Anesi

2 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni. Kodi kwagwanji kumeneko? Mwezi wathunthu ulibe kalata, foni yako ikungoitana, tsopano yazimiratu. Ngati wakwiya ndi kalata yanga ija, kwiya, koma yankha. Ndinalemba nditatopa, tsiku limenelo abambo anali atandigwetsera mbale kawiri. Mawu ena anali owawa, koma bodza munalibe.

Mayunifolomu ndamaliza theka, mwana wanga wamkulu ndiye akundithandiza kuika mabatani. Chilonda cha abambo chayamba kutulutsa madzi ndipo m'mbali mwada. Ndithire chiyani? Ndimafunsa iwe chifukwa ndilibe wina womufunsa.

Bedi lako lili chiyalire. Ana ndimawaletsa kukhalapo. Ndakusokera diresi la kunyumba ndi nsalu yotsala, ya maluwa obiriwira, kuti usadzakhale m'zoyera ngati uli kuchipatala. Usati sindikuganizira.

Lemba, ngakhale mizere iwiri.

Mkulu wako

9 Meyi

Achemwali a mnzanga,

Moni. Simundidziwa, ndine namwino mnzake wa mng'ono wanu, amene amanditi Wamtali. Kalata yanu ndinaipeza pansi pa chitseko chake nditapita kukamutengera zovala. Ndamuwerengera, ndipo wandilola kuti ndikuyankheni. Ine sindidziwa kuzungulira, ndiye mundikhululukire.

Mng'ono wanu anagwa pa wodi kumapeto kwa Epulo. Tinkanyamula bambo wina wonenepa kumuchotsa pa machira, iye kumutu, ine kumiyendo. Ndinangoona dzanja lake la kumanja likutsetsereka, pakamwa pakupita kumbali. Ndi sitiroko, matenda omwe aja a abambo anu. Moyo ali nawo. Dzanja ndi mwendo wa kumanja sizikugwira, mawu akutuluka koma movutikira.

Sanafune kuti mudziwe. Foni anandiuza kuti ndizimitse. Masiku oyambirira akangondiona ankati, "Usawauze, ali ndi abambo." Ine ndamvera mpaka ndatopa nazo.

Ndikuuzeni chimene chikundiwawa. Tsiku limene ndinamuyeza lija, nambala imene ndinaona tikaipeza pa wodwala sitimulola kupita kwawo, timamugoneka pompo. Iye akudziwa zimenezo kuposa ine. Koma ife tinazolowera kuyankhula ndi achibale a odwala. Munthu akutsirizika, ife timati, "Musadandaule, tikuyesetsa." Chilankhulo chimenechi chinatilowa m'magazi, mpaka timadzinamiza nacho tokha. Ndiye sindikukuimbani mlandu kuti simunamve. Komabe ndinaona kalata yanu ya dzanzi ija, anaisiya pa tebulo, ndipo ndikanakhala pafupi tikanayankhulana bwino.

Agonekedwa ku wodi ya amayi, moyang'anana ndi yathu. Tsiku loyamba anayesa kudzuka kuti akakonze dilipi ya mayi wa bedi loyandikana nalo, anagwera pansi. Pomusambitsa amatseka maso, amatembenukira kukhoma, safuna kutiyang'ana. Odwala athu akumufunsa kuti Anesi omwetulira aja ali kuti. Akulu a manesi anabwera kudzamuona kamodzi, anamusisita phewa, potuluka anandifunsa ngati ndingatenge masiku ake a Loweruka. Dzina lake pa bolodi la ntchito anafufuta mawa lake lomwe.

Adokotala akuti kumapeto kwa mwezi uno akhoza kutuluka, koma sangakhale yekha. Ndamufunsa kuti apita kuti, sakuyankha. Ndiye ndikufunsa inu.

Za chilonda cha abambo, wati chikada m'mbali musathire kanthu, apite nawo kuchipatala msanga. Mawu amenewo ndiye anawatchula bwinobwino osaphonya.

Ine Wamtali

15 Meyi

Mng'ono wanga,

Ndilibe moni wabwino woti ndikupatse. Kalata ya mnzako ndinawerengera panja, kuseri kwa nyumba, kuti ana asandione.

Ndakukwiyira, ndipo ndadzikwiyira. Ndinatulutsa makalata ako onse n'kuwerenganso. "Ndi zazing'ono." "Si zazikulu." "Ndili bwino." Ndili pakati powerenga ndinakumbuka kumene ndinamvapo mawu amenewa. Amayi ali m'chipatala, unatuluka m'chipinda chawo, unandigwira phewa, unamwetulira n'kunena kuti, "Achemwali musadandaule, ndi zazing'ono." Ine ndinapita kunyumba kukachapa. Sabata isanathe tinawaika m'manda. Ine chitsiru, ndinaiwala bwanji kuti iwe ukati zazing'ono ndiye kuti zinthu zavuta?

Koma nawenso, ine ndine m'bale wa wodwala wa pa wodi yako? Ndine mkulu wako, ndinakubereka kumbuyo. Ukanalemba kuti, "Achemwali ndikufa," ukuganiza kuti ndikanakutumizira nkhani ya miyendo ya amayi a pagolosale? Unandiyankhula ngati mlendo, ine n'kukuyankha ngati mdani. Tsopano taona zimene tapangana.

Abambo ndinapita nawo kuchipatala, chilonda anachipala, akusintha mabandeji. Pobwerera ndinawauza za iwe. Anayang'anitsitsa chithunzi chako chija. Ndinkayesa alira. Kenaka anati, "Nanga mu Juni andisamala ndani?" Ndinangochotsa chithunzicho pakhoma n'kuchiika m'kabati. Akufunsa tsiku lililonse, ndimawauza kuti galasi lasweka. Dzulo amayi a pagolosale anabwera kudzapepesa, asanatuluke pageti anafunsa ngati makina oyezera aja abwerabe. Ndinawatsekera geti kumaso.

Bedi la abambo ndalitulutsa. Ndinalikoka ndekha, linakanirira pachitseko, ndinalimenya mpaka linadutsa. Ntchito imene unandipempha mu Malichi, yosatenga ndi theka la ola lomwe. Kachipinda kali mmene unkafunira: bedi limodzi, katani, zenera loyang'ana kumtengo, kopanda ambulansi. Nsalu za mayunifolomu zotsala ndabweza kwa eni ake, anene zimene anganene.

Odwala akhala awiri, wantchito mmodzi, monga ndinanenera ndi pakamwa panga poipapa. Sindikunamiza kuti ndikondwa kapena kuti sindidzatopa. Ndidzatopa, ndidzakalipa, umandidziwa. Koma kutembenuza munthu ndimatha, pilo pakati pa mawondo, unandiphunzitsa wekha. Ndibwera kudzakutenga tsiku limene adokotala anene.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha. Undiuze mmene ulili, iweyo, osati namwino. Ukandilemberanso kuti uli bwino, kalatayo ndidzaing'amba osamaliza.

Mkulu wako

24 Meyi

Achemwali,

Ndalemba ndi dzanja lamanzere, muwerenge moleza mtima. Wamtali anafuna kundilembera, ndakana. Wangondigwirira pepala.

Mubwere Lachisanu. Mubweretse diresi la maluwa obiriwira lija. Mayunifolomu anga ndamupatsa Wamtali, ngakhale amulekeza m'mawondo.

Chipinda ndinachifuna ndili ndi miyendo iwiri. Ndikanagona miyezi iwiri basi. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndikadzafika ndidzakuuzaninso pamaso, mudzapirire. Abambo musawanamize za galasi. Muwauze kuti namwino wadwala.

Mwafunsa mmene ndilili. Sindili bwino. Dzanja silikumva. Kuchimbudzi amachita kundinyamula ana amene ndinawaphunzitsa ntchito. Ndikuopa kuti sindidzabwereranso pa wodi, ndipo sindikudziwa kuti munthu wosabwerera pa wodi amadzuka m'mawa kuti atani. Ndikuopa kwambiri, Achemwali. Kuyambira pamene Wamtali anandiwerengera kalata yanu ndikungolira, mayi wa bedi loyandikana nane mpaka wandibwereka kansalu kake.

Musachedwe.

Ine,
Kamisozi